Zithunzi Ziwiri za Sitima za Bambo Pius

Kwathu kuno, pakati pa Bangula ndi Nsanje, pafupifupi aliyense wamkulu anaimapo kutsogolo kwa kamera ya Bambo Pius. Kamerayo anaigula atadula nzimbe zaka zitatu ku Nchalo, ndipo atabwerera kumudzi sanagwirenso chikwanje. Ankajambula maukwati ndi ana obatizidwa, koma mtima wawo unali pa sitima. Ikangolira chapatali, ankatha kusiya mkwati ali chiimire n'kuthamangira kunjanji.

Ankati sitima suijambula itakuyang'ana kumaso ngati ng'ombe. Umaidikira pokhota, dzuwa lili kumsana kwako, kuti mutu ndi mabogi onse zioneke. Filimu ankaitumiza ku Limbe pa sitima yomweyo, n'kudikira masabata awiri kuti aone ngati dzanja silinanjenjemere.

Kenaka madzi anadula njanji, sitima inaleka kubwera. Chaka china madziwo analowanso m'nyumba mwawo n'kuwononga katoni yonse ya zithunzi. Za sitima zinapulumuka ziwiri zokha, zimene akazi awo, Mayi Connie, anazisunga m'buku la nyimbo za kutchalitchi.

Tsiku lina kunabwera aphunzitsi, Mayi Flossy, kudzapempha chimodzi choti akachipachike m'kalasi, poti ana ambiri sitima amangoimva. Anawabweretsa panjinga ndi Kingston wakabaza, bambo wa ana awiri koma wapakamwa ngati wailesi.

Bambo Pius anatulutsa chimene ankachinyadira. Sitima inali yathunthu, yowala, ngakhale nambala ya pamutu pake inkawerengeka. Munthu panalibe ndi mmodzi yemwe.

Kingston anachiyang'anitsitsa n'kuseka. "Madala, ichi munachidula pa kalendala. Kamera yanu ija ingatulutse chonchi? Uku ndi ku Limbe uku!"

"Ndinajambula ndine, iwe usanamere ndi mano omwe."

"Chikusonyeza n'chiyani kuti ndi kuno? Udzuwu? Udzu uli paliponse."

Mkuluyo anadziwa kuti Kingston akafika pasiteji ya njinga, dzuwa lisanapendeke msika wonse ukhala ukunena kuti Pius ankanamiza anthu ndi zithunzi za eni ake. Ndipo katoni imene ikanawaikira umboni inali itapita kale ndi madzi.

"Aonetseni chinacho," anatero Mayi Connie, akusenda chinangwa pakhonde.

"Chija n'chowonongeka. Mutu wa sitima unadukira kunja, ndiponso anthu anandidutsa kutsogolo."

"Chowonongeka kwa inu. Tulutsani, bambo."

Anachitulutsa monyinyirika. Mabogi anali osaoneka bwino, ngati pali nkhungu. M'mawindo munali mikono yokhayokha yolandira mbatata zophika, pansi amayi atakweza malichero m'mwamba. Kumbuyo kwa zonsezo kunali mlambe wokhala ndi nthambi imodzi yogwera pansi ngati chigongono.

Kingston anasiya kuseka. "Dikirani. Uwu si mlambe umene timakonzerapo matayala?"

"Pita ukaufunse ngati unakhalako ku Limbe," anayankha Mayi Connie.

Onse anayi anauyamba ulendo wa kumlambe, dzuwa likuswa mtengo. Bambo Pius anayenda patsogolo. Atafika anapalasa mchenga ndi phazi mpaka chitsulo cha njanji chinaonekera, anabwerera m'mbuyo mapazi asanu ndi awiri, n'kuima.

"Ndinali apa. Ima pano, ukweze chithunzicho."

Kingston anaima pamenepo, nakweza. Nthambi ya pachithunzi inagwera ndendende pa nthambi ya mtengo. Anayang'ana uku ndi uku kangapo, n'kuvula chipewa.

"Pepani, baba. Pakamwa panga mukupadziwa."

Mayi Flossy anafunsa kuti atenge chiti. Bambo Pius anayang'ana chowala chija nthawi yaitali, n'kuchibweza m'thumba la malaya.

"Tengani cha mbatatachi. Koma musangochipachika ayi. Anawo mubwere nawo kuno, aliyense adzaime pamene ndaima inepa."