Tsiku limene Limbani anabisa dzanja

Anthuni, ine ndaona zambiri pa dziko lino, koma sabata ino ndagwira pakamwa!

Lachiwiri mpongozi wanga Esnati anatuluka m'chipatala ndi khanda, kamtsikana konenepa, ee konenepa! Nyumba yathu ku Selly Oak, kuno kutsidya kwa nyanja, inadzaza amayi a kumpingo, nthungululu mpaka aneba kusuzumira. Kenaka analowa mwana wanga Limbani, bambo wa khandalo, kuchokera ku shifiti, dzanja limodzi lili m'gulovu. Ndinamupatsira mwana. Iye n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana!

Mukudziwa inu zimene kwathu timaganiza bambo akakana kulandira khanda. Mayi Phiri a kumpingo anali atayamba kale kuyang'anitsitsa mphuno ya mwana. Esnati misozi lengelenge.

"Iwe Limbani, ukuti mwanayu ngwa yani?"

"Ngwanga, amayi! Vuto ndi dzanjali."

Limbani amagwira ntchito kopangira mankhwala amene amabaya odwala kuti makina aone matenda obisala m'thupi. Mankhwalawo amatulutsa mphamvu yosaoneka, akuti rediyeshoni. Gulovu inabooka, kadontho n'kukhudza khungu. Sikapweteka, sikanunkha, sikaoneka, koma kachipangizo koyezera manja kanakamva, kanalira tiki-tiki-tiki! Anamusambitsa, kanatsalako pang'ono, n'kumuuza kuti asagwire khanda mpaka kathe.

Ine liwiro kukatenga mwala wanga wokhulira mapazi, umene ndinabwera nawo kuchokera ku Dedza. "Bwera kuno ndikukhule!"

"Ayi, amayi! Khungu likasupuka, kalowa m'kati. Kamafa kokha, tingodikira."

Kofa kokha! Sopo walephera, mwala waletsedwa, kudikira n'kumene kukuchapa. Mulungu wanga, munabisa zingati m'dzikoli?

Timaimbira manesi athu, timaimbira madokotala, ndipo n'koyenera. Nanga awa obisika m'zipinda, ogwira moto wosawotcha kuti wodwala khansa aonedwe msanga, amawaimbira ndani? Ife timangoona munthu wabweza dzanja, basi mlandu tagamula.

M'mawa mwake anakamuyezanso, kachipangizo kanakhala duu. Koma mafoni a amayi ena, oti Limbani wakana mwana, anali atafika kale kwa anzathu a ku Tipton. Ndiye Lamulungu ndinati mwanayo alowe naye m'tchalitchi ndi bambo wake, pachifuwa, mpaka kutsogolo. Analowa akulira Limbani wanga, Esnati pambali pake akumwetulira, ine m'mbuyo ndikuvina, chitenje pansi khwekhwerere!

Inu amene munaimba mafoni Lachiwiri lija, mayunitsi oti mukonze dzina la Esnati akutherani?