Tsiku Limene Ndinabisa Mkono

Ndimaphunzitsa achinyamata a fiziyo, aja othandiza odwala kuti ayambenso kuyenda. Phunzilo la matenda a mtima tinaligawa pawili: zofotokoza pa foni, iwo ali kwawo ku Nyimba ndi ku Msanzala, zoyeselela m'kalasi ku Petauke.

Pa foni ndinali dolo. "Phuma, mapazi otupa, mtima wodumphadumpha, musazitenge mopepuka!" Kamela inkaonetsa nkhope chabe. Sinkaonetsa nsapato zimene zinali zitayamba kundithina, kapena kudumpha kwa mtima wanga kumene ndinkabisila ngakhale mkazi wanga. Atate anga anagwa m'munda ali ndi zaka ngati zangazi, osadzukanso.

Tsiku la m'kalasi ndinati aliyense agwile mkono wa mnzake, amve kugunda kwa mtima. Mtsikana wina, Tisa, anasowa mnzake.

"Aphunzitsi, ndibwelekeniko wanu."

Ndinalowetsa manja m'matumba. "Wanga ukusokoneza, ndamwa khofi wambili." Ine khofi sindimwa.

Tisa anayang'ana pansi, pa nsapato zanga zosamanga zingwe. Anati mwaulemu, "Dzulo pa foni munati wodwala wobisa mkono ndiye woyamba kumupima."

"Ndinati wodwala, osati mphunzitsi!" Kalasi yonse inaseka. Nanenso ndinaseka, m'chifuwamu muli phaphapha.

Sabata yotsatila ndinawalembela kuti m'kalasi akupaka penti, tizikumana pa foni. Kuchipatala ndimangodutsa pa geti. Penti uja mpaka lelo sanaume.