Kansalu Koyera, Chikho Chimodzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi achemwali anga, a Dailesi, chaka chimene nkhondo ya Ajeremani inatha. Tinali titangofika kumene kuchokera kwa Apwitikizi, ife amene anthu ankatitcha Anguru, ndipo iwo ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Amtengatenga, onyamula katundu wa asilikali, pochokera kunkhondo anabwera ndi fuluwenza. Munthu ankayamba ndi mutu m'mawa, pofika mkuja tikumukumbira manda.

Mzungu wa esitetiyo analamula kuti aliyense azimanga kansalu pakamwa ndi pamphuno, ndiye panafunika munthu wochapa tinsaluto. Aliyense anakana. Achemwali anandigwira padzanja n'kukandipereka kwa kapitawo, a Namakhwa.

Madzulo kapitawoyo ankalanda tinsalu tonse, poopa kuti anthu akasokera zigamba kunyumba. Ine ndinkatolera m'dengu, kuthira mumgolo wa madzi owira ndi sopo, kutakasa ndi ndodo, kufinya, n'kuyanika pachingwe. Manja anga anasupuka onse. A Yohane, amene ankasamalira odwala m'chisakasa, ndiwo anandiphunzitsa ntchitoyi. "Kansalu kamaletsa malovu a wotsokomola kuti asakuulukire," anatero. "Koma dzanja losasamba ndi chikho chomwera anthu ambiri, zimenezo kansalu sikazidziwa."

Tsiku lina mvula inagwa osakata, ndipo nkhuni zouma zonse kapitawo anazitumiza kufakitale kokaumitsira tiyi. Ndinawauza kuti m'dengumo muli tinsalu ta anthu amene afa dzulo, sindingatipereke tosawiritsa.

"Iwe Mnguru, tiyi sadikira maliro. Tsukuluza pamtsinje upereke."

Mpaka lero ndikawakumbukira bambo amenewo mtima umandiwawa. Ndinatsukuluza, ndinapereka, pakuti wokana lamulo ankathamangitsidwa pamalo a mzungu pamodzi ndi abale ake onse. Koma kamodzi ndinakabisa. Ndinathyola nsichi za khola lathu la nkhuku, n'kuwiritsira kansaluko mumphika wa ndiwo, n'kukaumitsa pamoto. Ndinawamanga ndekha achemwali.

"Musakavule, achemwali. Ndipo chikho cha kumunda musamwere."

Masana ndinapita kumunda kukasiya madzi. Kumeneko kunali mtsuko umodzi ndi chikho chimodzi cha gulu lonse. Ndinaona mayi wina woyandikana nafe nyumba akutsokomola mpaka kugwira nthiti. Anamwa, natunganso, n'kupatsira achemwali ndi manja awiri. Iwo anatsitsira kansalu kaja pachibwano, n'kumwa. Kenako anamupukuta mnzawoyo thukuta kumaso, n'kubwezera kansalu pakamwa ndi dzanja lomwelo.

Ndinawakalipira pagulu, ine mwana. Anandiyang'ana modabwa.

"Mng'ono wanga, ndikane chikho cha mnzanga? Ndiye kuti ndikumunena kuti ndi mfiti. Taona, kansalu kako ndavala."

Sabata isanathe anali m'chisakasa cha a Yohane, milomo itada, akupuma ngati munthu wokwera phiri ndi mtolo. Sindinganene motsimikiza kuti chinali chikho kapena dzanja lija, mwina mpweya wa m'nyumba zathu zothinana. Ambiri amene anavala tinsalu tonyowa tija nawonso anapita. A Yohane, amene ankakhala pakati pa odwala tsiku lonse, kansalu kowiritsa kali pakamwa, manja akusamba ndi sopo akangogwira munthu, ndiponso akumwera chikho chawochawo, anakalamba mpaka kumera imvi.

Achemwali tinawaika pa esiteti pomwepo opanda nyimbo, pakuti oimba anali gone. Kansalu kawo kanabwerera m'dengu langa madzulo omwewo, ndipo ndinakachapa pamodzi ndi tinzake.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kansalu kamathandiza, koma pakokha kali ngati kutseka chitseko zenera lili pululu. Masiku ano chifuwa chikalowa m'mudzi ndimasamba m'manja ndi sopo, ndimayenda ndi chikho changa, ndipo cha wina ndimakana. Anthu amati ndine wonyada. Anene. Achemwali anga anali aulemu kuposa ine, ndipo ali pansi pa tiyi.