Mababu asanu a agogo

Ndikamva fungo la polishi wa nsapato, ngakhale ndili pamzere ku kiliniki mwana ali kumsana, ndimaona agogo anga aamuna, aGelevaziyo Banda, atakhala pakhonde Lamulungu masana, kansalu kali m'manja, akupukuta bokosi lawo. Nsapato zopaka polishi analibe. Polishiyo anali wa ampulifaya, bokosi lokuza mawu a gitala, limene anabwera nalo kuchokera kumigodi ku Kitwe, kumene ankaimba m'bandi asanakwatire.

Linali lolemera ngati thumba la chimanga, lokutidwa ndi chinthu chakuda chonga chikopa chimene chinali chitasendeka m'makona. Chogwirira chinaduka kalekale, agogo anamangapo mphira wa njinga. Kutsogolo kunali nsalu yotuwa yobisa sipika, yokhala ndi bowo limene khoswe anaboola, iwo n'kusokapo ndi ulusi wa thumba la feteleza. Pamwamba panali zopotokola zinayi, chimodzi chobenthuka. Koma ine chinkandikopa chinali kumbuyo: mababu asanu agalasi, atatu aakulu, awiri aang'ono, akuda ndi utsi ndi fumbi, lililonse lili ndi timalemba tosaoneka bwino. Amenewo agogo sankawakhudza. Ankangowauzira mpweya basi.

Kwathu kwa Mlolo kunalibe malaiti, choncho bokosilo silinalirepo m'mudzi mwathu, ndipo gitala yawo payokha inkangomveka ngati udzudzu. Agogo aakazi, aNaphiri, sankalephera kuwaseka.

"Mukudyetsanso polishi nyumba ya mphemvu ija? Chikwatirane ndimangomva kuti imaimba, imaimba."

"Mudzamva, aNaphiri. Mababuwa akatentha amafiira ngati makala. Umadikira, suthamanga ayi. Bokosili likangotsegula pakamwa, inu mudzasiya mtondo." Akatero ankatembenukira kwa ine, monga amaseleulirana agogo ndi adzukulu. "Iwe mkazi wanga wamng'ono, udzandivinire ndiwe. Nkhalamba iyi maondo anatha."

Ankadikira kuti mitengo ya malaiti ifike m'mudzi, koma chinayamba kufika ndi chifuwa. Chaka chimene ndinali mu giredi fili, titangokumba nsawa, anayamba kutsokomola mpaka kugwira chipupa. A ku kiliniki anati apite kuchipatala cha ku boma, ku Chadiza, amalume n'kupeza ngolo.

"Bokosi likwera nawo," anatero agogo. "Ku Chadiza kuli malaiti, ndipo aNaphiri akupita kukandidikirira. Ndikapanda kuwaimbira ulendo uno, ndidzawaimbira liti?"

Kutatsala tsiku limodzi, agogo aamuna ali gone m'nyumba, aNaphiri ali kudimba, ndinaliyang'ana bokosi lija n'kuona kuti silingapite ku boma ndi mababu akuda choncho, anthu akatiseka. Ntchito yanga pakhomo inali yotsuka galasi la nyali, ndipo ndinkaidziwa. Ndinazula mababu onse asanu pang'onopang'ono, ndinawakwecha ndi phulusa losefa ndi kansalu konyowa, n'kuwayanika pathandala pamodzi ndi mbale. Anawala kwabasi. Timalemba tija tinachoka tonse, ine n'kumakondwa kuti litsiro latha. Pobwezera, aakulu atatu aja ankalowa pena paliponse, ndiye ndinangowaika mmene dzanja lafikira.

Ku boma, tisanafike kuchipatala, agogo anaimitsa ngolo pakhomo pa aMbewe, okonza mawailesi pafupi ndi msika. Anthu anayamba kutiunjirira. ANaphiri, amene njira yonse ankati zawo n'zakuchipatala osati za mphemvu, anakhala pabenchi n'kumanganso bwino duku lawo lopitira ku Misa. Agogo analumikiza gitala n'kuyatsa bokosi.

"Tidikire litenthe."

Tinadikira. Bokosi linang'ung'udza pang'ono, kenako phu! Kautsi koyera kanatuluka kumbuyo ndi fungo la waya wopsa. Zii.

AMbewe anazimitsa msanga n'kulitembenuza. "Madala, mababuwa wasokoneza ndani? Ili si la apa. Nanga manambala ake apita kuti?" Anasuzumira m'kati n'kupukusa mutu. "Chapsa n'chachikulu. Zinthu izi sizipezekanso, ngakhale ku Chipata."

Agogo anayang'ana mababu owala aja nthawi yaitali. Kenako anayang'ana manja anga. M'zikhadabo munali mudakali phulusa, ndipo ndinawabisa m'diresi mochedwa. Ndinkadziwa kuti amalume akamva, ndodo ya ng'ombe ili pangolo pomwepo.

"Ndine," anatero agogo kwa aMbewe. "Maso akalamba." Ndiye anandikokera pafupi, n'kulankhula motsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Wakwecha bwino, mkazi wanga. Sanawalepo chonchi ngakhale ku Kitwe."

Ndinkayembekeza kuti aNaphiri aseka, anene za mphemvu. Sanaseke. Anasendera pabenchi mpaka phewa lawo linakhudza la amuna awo.

"Imbani momwemo, aBanda. Ndili pafupi, ndimva."

Anthu anali atabalalika. Kutsidya kwa msewu wina ankawotcherera zitsulo, minibasi ya ku Chipata ikuitana okwera, ndipo agogo anaimba nyimbo imodzi pagitala yopanda bokosi, kamawu ka udzudzu kaja, aNaphiri ataweramitsa khutu pafupi ndi nsambo. Sanaimalize. Chifuwa chinawadula pakati.

Kuchipatala anagonako masabata awiri. Anabwerera kumudzi pangolo yomwe ija, atafunditsidwa mpaka kumutu. Sanauze munthu za phulusa lija. ANaphiri anakhalako zaka zina zingapo, ndipo Lamulungu lililonse ankatulutsa bokosilo pakhonde n'kulipaka polishi okha. Anamwalira osalimva.

Lero bokosilo lili m'nyumba mwanga, pakona, ndinaliphimba ndi chitenje. Mphira wa njinga uja udakalipo, mababu adakawala. Amuna anga anati tiligulitse kwa ogula zitsulo, ndinakana.

Mwezi wathawu ndikuchokera kumunda ndinapeza mwana wanga Chisomo, wa zaka zinayi, atagwada pabeseni lotsukira mbale. Anatulutsamo foni yanga, madzi akuchucha, n'kundionetsa akumwetulira. Ndi foni yomwe bambo ake amatiimbirapo akapita kukagwira ntchito kutali. Dzanja langa linakwera lokha. Ndiye ndinaona timanja take, thovu la sopo mpaka m'zigongono.

Ndinatsitsa dzanja.

"Watsuka bwino, mama," ndinatero. "Yawala."

Ndinaika foniyo padzuwa, n'kupita kuseri kwa nkhokwe kumene iye sakanandiona. Chimene ndinkalira sichinali foni.