Nkhwani wa ku Thamesmead pa ukwati wa Chisomo

Ndalemba nkhaniyi chifukwa ena mwa amene anakana nkhwani pa msonkhano wa komiti ya ukwati ayamba kale kunena kuti ankaufuna kuyambira pachiyambi. Zoona zake ziyenera kusungidwa.

Chisomo, mwana wa mchemwali wanga, akukwatiwa mwezi wamawa. Mayi Tembo a ku Chipata, amene anamulera ali wakhanda ndipo amalima kadimba ku Thamesmead kuno ku London, anapempha kuti ndiwo za m'dimba mwawo zidzakhale nawo pa phwando. Wapampando, Mayi Gondwe, anakana. "Alendo ake ndi madokotala, amayi. Masamba tizidya kunyumba." Potuluka, Mayi Tembo anandiuza motsitsa mawu kuti ku ukwatiko sapita.

Loweruka ife a komiti tinapita ku Clerkenwell, dera lakale la anthu a ku Italy, kukalawa chakudya chimene mkwatibwi anasankha, ndipo ndinawaumiriza Mayi Tembo kuti atiperekeze. Tinasirira mbale zojambulidwa pamanja m'kasitolo kena, tinamwa khofi wowawa m'timakapu tongokwanira kumeza kawiri, kenaka tinakhala pansi m'lesitilanti.

Mbale yoyamba inali ya maluwa achikasu okazinga. Mayi Gondwe anatafuna atatsinzina. "Izi ndiye zapamwamba."

"Chiluwe ichi, apampando," anatero Mayi Tembo. "Maluwa a maungu. Masamba ake si omwe munakana aja?"

Anatulutsa m'chikwama mtolo wa nkhwani umene anandibweretsera, nauika pa tebulo. Ine sindivomereza khalidwe lotere pamalo odyera, ndipo ndinali pafupi kulankhula. Koma mwini malo, bambo wa imvi wochokera ku Sicily, anaima, anatenga tsamba limodzi nalinunkhiza. Anati mayi ake ankaphika nsonga zoterezi, ndipo chibwerere ku London amazisowa. Mayi Tembo anamulanda tsambalo n'kumuonetsa mmene ife timasadzulira. Bamboyo anapempha yekha kuti adzaphike nkhwaniwo pa phwando, ngati iwo angavomere kudzaima naye m'khitchini.

"Ndizabwela," anayankha m'Chinyanja chawo, "koma saladi azithila ni ine. Imwe mumachulutsa." Saladi kwawoko ndi mafuta ophikira.

Ndinanyadira, owerenga anga, ndipo ndikunyadirabe. Mayi amene sanaponde pa koleji anaphunzitsa katswiri ntchito, ife a madigiri tikuonerera. Komabe tidzifunse: n'chifukwa chiyani chakudya chathu chimadikira mlendo kuti achiyamikire tisanachilole pa tebulo la ulemu? Anzathuwa amakongoletsa sitolo ndi zimene amayi awo ankadya m'nthawi ya umphawi. Ife timabisa zathu m'zikwama.

Amene analipo ndi awa: Mayi Tembo, ine, Mayi Banda, mlembi wa komiti, amene anafufuta mzere umodzi m'buku lawo, Mayi Gondwe, amene anayang'ana kwambiri zithunzi zapakhoma, ndi Chisomo, amene ananyamuka pampando wake n'kukakhala pafupi ndi amene anamulera.