A Mphuno ndi chiphaso cha hita

Dzina lawo lenileni lili m'mafayilo a ku ofesi, koma ife timangoti a Mphuno. Ndiwo amayang'anira nyumba zathu zalendi, zitseko khumi ndi ziwiri zoyang'ana khonde limodzi. Kale ankalondera nyumba yosungiramo katundu, yomwe inapsa chifukwa cha hita yamagetsi imene kalaliki wina anaiiwala pansi pa tebulo. Chichokereni kumeneko sakhulupirira munthu womva kutentha. Ukawapatsa moni m'nyengo yozizira uli wosanjenjemera, amayamba akununkhiza malaya asanayankhe.

Ofesi ya eni nyumba nayo inaganizapo za moto. Patatha misonkhano itatu ndi tiyi wambiri, inalamula kuti hita iliyonse iyesedwe, ipatsidwe chiphaso cha zidindo ziwiri, ndipo chiphasocho chimangiriridwe pahitapo, kutsogolo, kuti woyendera asavutike ndi kuwerama. Wochichotsa alandira chenjezo. Machenjezo akakwana atatu, apakire.

Mayi wosoka wa chitseko chomaliza anali nawo kale awiri: loyamba la masokosi oyanikidwa pahita, lachiwiri la ekisitenshoni imodzi yodyetsa makina osokera, ayironi ndi hita. Amuna awo ndi achifuwa, ndipo chipinda chawocho n'chokhacho chomwe chimalowa dzuwa.

Lachiwiri lina m'mawa, a Mphuno anaima pakati pa khonde, tsache lili m'manja. Fungo la chinthu chowauka. Analitsata chitseko ndi chitseko mpaka chomaliza, nagogoda, buku la malipoti lili kale kukhwapa.

"Mayi, mwayanikanso chiyani?"

"Mwadzuka bwanji kaye, achimwene. Kapena moni nayenso amafuna chidindo?"

"Ndadzuka. Mwayanika chiyani?"

"Lowani mufufuze. Mukapeza sokosi, mudye."

Analowa. Hita inali pansi, pasimenti poyera, osati pamkeka. Anayeza ndi mapazi kuchoka pahita kufika pakatani: phazi lalikulu limodzi ndi theka. Kufika pa mulu wa nsalu, awiri. Pulagi inali yolowa yokha pasoketi yakukhoma. Anaikhudza ndi kuseri kwa dzanja, monga mmene mayi amayesera mwana malungo: yozizira. Anatsata chingwe chonse ndi zala kufuna pamene chasupuka. Panalibe. Izi zinangowonjezera kukayika kwawo, pakuti kwa a Mphuno chipinda chopanda cholakwa ndi chipinda chomwe chamva kuti akubwera.

"Bambo, tukulani bulangete," anauza wodwalayo, amene anakhala pampando wapakona.

"Mulinso ine ndekha muno," anatero bamboyo, akutsokomola. "Ndipo sindinapse."

"Mukatuluka mumathimitsa?"

"Ngakhale popita kuchimbudzi," anayankha mayiyo. "Mwatiphunzitsa mpaka tikukulotani."

Pamenepo a Mphuno anachita chimene ofesi inafuna kuti woyendera asachite: anawerama. Chiphaso chija chinali lende kutsogolo kwa waya wofiira wa hitayo, chitapiringizika ngati tsamba louma. Chidindo chimodzi chinali chitada kale, ndipo m'mphepete munkatuluka kautsi kowonda.

Anathimitsa hita. Onse atatu anangochiyang'ana.

"Ndinachiona dzulo," anatero mayiyo, mawu atatsika. "Koma ndichichotse, mundilembe lachitatu? Tikalowera kuti ndi chifuwa ichi?"

A Mphuno anatsegula buku. Fomu ya ofesi ili ndi mabokosi awiri okha: mlendi walakwa, kapena palibe vuto. Bokosi loti ofesi yalakwa analiiwala kulisindikiza. Anayang'ana mayiyo nthawi yaitali, akufunabe poti awakayikire, koma sanapapeze. Kenako anapempha sizasi, nadula okha kachingwe ka chiphasocho, n'kuchikoleka pamsomali wa kalendala. M'buku analemba kuti: "Chiphaso chachotsedwa ndi ine mwini, pofuna kuchiteteza."

Tsiku lomwelo anadula zina khumi ndi chimodzi.

Ofesi inayankha patatha milungu itatu, chisanu chitayamba kale kutha. Inawathokoza chifukwa cha khama lawo, n'kuwapatsa chenjezo loyamba. Inanenanso kuti komiti ikhala pansi kuti ione ngati pepala limapsadi.

Mayi wosoka akadali pachitseko chomaliza, ndipo a Mphuno amanunkhizabe pamenepo m'mawa uliwonse. Chenjezo lawo analikhoma m'kachipinda kawo ka matsache, mapazi awiri kuchoka pahita.