Mnyamata Wothokoza Nkhonya

Thumba lija linali la feteleza, lodzaza utuchi wa paini, ndipo malume analimangirira pa nthambi ya mpeya kuseri kwa nyumba yathu ku Salisbury Lines. Ukalimenya linkatulutsa kafumbi konunkhira matabwa atsopano. Mpaka lero ndikadutsa pamene akupala matabwa, zala zanga zimadzipinda zokha.

Tinali titangofika kumene ku Mzuzu kuchokera ku Dedza. Malume anapeza ntchito ya ukalipentala pa nyumba zogona ana a ku yunivesite, zomwe zinkamera ngati bowa chaka chimenecho, ndipo anatitenga ine ndi amayi. Paunyamata wawo malumewo ankasewera nkhonya. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pa Chitumbuka chonse ndinkadziwapo liwu limodzi lokha lothokozera: yewo.

Inali nyengo yozizira. M'mawa chifunga chinkatsika mpaka kumeza nyumba za aneba, ndipo ndinkamenya thumbalo ngati ndili kutulo, osaona china koma ilo ndi nthunzi yotuluka m'kamwa mwanga. Mawu a malume ankachokera penapake m'chifungamo. "Nkhonya ili m'mutu, mphwanga, manja amangoperekeza." Nthawi zina ankati, "Uziyang'ana mawondo a mnzako, pakamwa pamanama." Ndinkangogwedeza mutu, koma mumtima ndinkati ndi zokamba za akuluakulu. Ine ndinkadalira manja anga.

Amayi zankhonyazi sankazifuna. Atamva kuti aphunzitsi a zamasewera akonza mpikisano wa ana mu holo ya sukulu, anagamula: "Kamodzi kokha. Akakakugonjetsa, utuchiwu ndiphikira nyemba." Amayi sankalankhula kawiri, ndipo thumbalo ndinkalikonda kuposa chilichonse m'tauni yachilendoyo.

Tsikulo linali Loweruka masana, mvula yowaza ikunong'ona pa malata. Anandipatsa mnyamata wa ku Nkhorongo, wamfupi kwa ine, wamakutu otambalala. Nkhonya yanga yoyamba inamupeza pamphuno penipeni. Iye anamwetulira n'kunena, "Yewo."

Ndinamuponyera ina m'nthiti, yamphamvu kuposa ija. "Yewo chomene," anatero, mwaulemu ngati ndamupatsira nthochi.

Kodi munthuyu samva kuwawa? Kapena anamutemera mankhwala? Magolovesi anayamba kulemera ngati anyowa, phokoso la anthu linapita kutali, ndipo ndinkaona ngati chifunga chija chalowa m'holomo n'kutisiya awiriwiri. Ndinkamva malume akukuwa kuti, "Mawondo! Mawondo!" koma maso anga anali pakamwa pake, kudikira liwu lija. Ndikamenya, linkabwera. Kenako ndinaleka kumenya kuti ndisalimvenso.

Mu raundi yachitatu anandikhudza pachibwano ndi kankhonya koti sikakanagwetsa ndi nkhuku yomwe. Ndinakhala pansi. Lero ndine wamkulu, ndinene mosabisa: ndikanatha kudzuka. Sindinafune, ndinkachita mantha.

Zonse zitatha ndinapita pampopi kuseri kwa holo kukasukusula. Ndinamupeza mnyamata uja atakhala m'matope, miyendo ikunjenjemera, akulira mosisima, amayi ake akumupukuta magazi ndi nsonga ya chitenje. Atandiona anabisa nkhope.

Pobwerera malume sanandikalipire. Tinayenda mpaka pamlatho wa matabwa, pomwe anangoti, "Inatsala nkhonya imodzi yokha kuti agwe."

Lolemba amayi anaphikadi nyemba, ndipo ndinadya ndikumva fungo la paini, misozi ili m'maso. Pa nthambi ya mpeya panatsala chingwe chokha, chikugwedezeka m'chifunga. Ndinkakhala pansi pake n'kumadabwa kuti munthu wopambana amaliriranji. Ndinali ndisanadziwe kuti yewo aliyense uja ankatuluka mwa mwana wamantha kuposa ine, amene anali atatsala ndi pakamwa pokha.